Kuchoka ku Mars Wapansi

Amene akuti ine Kamwendo ndine wabodza adzuke pampandopo, atenge ambulera yake, akadikire basi panja pamvulapo, chifukwa m'holo muno mpweya ndi wochepa kale ndipo sindingagawane ndi munthu wokayika. Palibe wadzuka? Chabwino. Ndiye ikani mafoni pansi, tiyi wa mpingoyu asakutsamweni. Ine ndinakhalako ku Mars. Ndanena. Si Mars wa pa foni amene mwationetsa pano uja ayi, koma Mars wa konkuno ku England, kumapiri a kumpoto uko, ndipo ndinabwerako wapansi, tsiku limodzi, ndi miyendo yomweyi imene lero ikukanika masitepe a basi. A Mbewe ali apowa, mkulu wa mpingo wathunthu, afunseni ngati ndikunama.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku yunivesite ina, kukonza makina a anthu ophunzira za miyala. Ndinabwera kuno kudzaphunzira tsitsi lili bii, ndinatsala ndi sipanala m'manja, imvi n'kundipeza momwemo. Ndiye akuluakulu a yunivesiteyo anaganiza kuti asanatumize munthu ku Mars kwenikweniko, ayambe ayeserera pansi pompano, pamalo oipitsitsa amene angapezeke, ndipo anafufuza dziko lonse, chipululu anachiona kuti n'chabwino kwambiri, kumadzi oundana anati kuli chisangalalo chochuluka, mpaka anapeza chidzenje china chimene kale ankaphwanyamo miyala, pamwamba pa phiri lopanda mtengo ngakhale umodzi, kumene mphepo yake inandizula ndevu za mbali ino, mpaka lero sizimeranso, bwerani muone. M'chidzenjemo anamangamo chinyumba choyera chozungulira, n'kutitsekeramo anthu owerengeka. Mtsogoleri wathu anali mayi wina dzina lake Helen, katswiri wa miyala, wosaseka kawirikawiri koma wa mtima wabwino. Ine ananditenga chifukwa makina akufa ankati akangomva ndatsokomola, ankadzuka okha n'kuyamba kulira.

Kuno ku Hull ndinasiya mkazi wanga Esinati. Ena a inu munamudziwa, ankaimba kumbuyo uko pafupi ndi hita, chifukwa kuzizira sankagwirizana nako. Ankasamalira nkhalamba za azungu, ma shifiti a m'mamawa, ndipo chaka chimenecho anali ataonda, akakwera masitepe ankaima pakati n'kugwira m'chiuno. Ine ndinati sindipita. Iye anati, "Pitani bambo, ndi msana chabe, agogo amene ndimanyamulawa ndi olemera. Mukakana atenga wina, ndiye mudzandilira m'khutu chaka chonse." Ndinapita, koma ndikuuzeni zoona, ndinapita ndi thupi lokha. Sindinamukhulupirire za msanazo, ndipo ndinkaopa kuti china chake chichitika ine ndili kutali.

Tsono ku Mars kulibe foni. Anatilanda onse pakhomo. Mawu athu onse ankadutsira ku kaofesi kena ku Newcastle, kamene tinkakatchula kuti Dziko Lapansi. Inde, Dziko Lapansi lonse linali kachipinda ka mipando itatu ndi ketulo. Lamulo lake linali lakuti uthenga wa ngozi kapena wa matenda aakulu udutse nthawi yomweyo, koma wina uliwonse, wa moni, wa mpira, wa miseche, azisunga n'kutumiza mtolo umodzi Loweruka. Ndisananyamuke ndinawapatsa a Mbewe nambala ya ofesiyo, ndinati achimwene, chikachitika chilichonse kunyumbaku, imbani apa.

Moyo wake m'chinyumba muja, abale inu, musaufune. Madzi anali oyeza. Kusamba kunali kwa kansalu konyowa kamene kuno mumapukutira makanda, ndipo madzi amene wataya m'thupi ankalowa m'makina n'kubwereranso mu kapu, moti madzi amene ndinamwa Lolemba ndi omwewo ndinamwa Lachitatu, omwewonso Lachisanu, mpaka tinazolowerana, ndikamawathira mu kapu ankandipatsa moni n'kundifunsa za kunyumba. Mukumva? Chakudya chonse chinali ufa, mazira ufa, nyama ufa, mkaka ufa, ngakhale nthochi ufa, ndipo tsiku lina nditayetsemula patebulo nkhomaliro ya gulu lonse inauluka n'kukamata kudenga, tinadya masiku awiri tikunyambita denga titakwera pamipando. Chamoyo chokha chimene tinali nacho chinali kamtengo kamodzi ka letesi pansi pa getsi lofiirira, ndipo madzulo tinkakhala mokazungulira tili zii, ngati anthu odwazika matenda. Palibe ankaseka. Zenera linali limodzi, laling'ono ngati mbale, ndipo kunja kwake kunali mtundu umodzi wokha, wotuwa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ngati linatuluka n'komwe.

Kutuluka panja inali ntchito payokha. Uvale chisuti cholemera kuposa thumba la feteleza, chisoti chagalasi kumutu, batire kumsana, magolovesi onenepa moti sungathe kudzikanda, kenako ulowe m'kachipinda ka zitseko ziwiri, atseke chakumbuyo, uime mmenemo kudikira kuti getsi lofiira lisanduke lobiriwira, eti mpweya ukuchoka. Ukatuluka wopanda suti, ankakulemba kuti wafa, ndipo unkakhala tsiku lonse pakona osalankhulitsidwa. Mnzathu wina anafa katatu chifukwa cha fodya. Ndiye tikatuluka tinkayenda pang'onopang'ono m'chidzenje muja, kutola miyala, kuijambula, kuiika m'timatumba, ine ndikukoka makina obowolera pansi ndi kagalimoto kathu ka matayala ambiri kamene kankaopa matope kuposa mwana wa m'tauni. Mwala uliwonse usanautole unkafunsa kaye Dziko Lapansi pa wailesi, ndipo iwo ankachedwetsa dala yankho, poti Mars ali kutali mawu amayenda nthawi yaitali. Ndinafunsapo za mwala wina ndili chiweramire, yankho pofika mwala uja unali utamera ndere, ndere zitakalamba, ine msana utauma gwa, anachita kundiwongola ndi jeke.

Ndipo poti ku Mars sikugwa mvula, mvula tinkaitchula kuti fumbi. Fumbi limenelo linkagwa tsiku lililonse, cham'mbali, linkalowa m'khosi n'kutsika mpaka m'masokosi. Ku Marsnso kulibe nkhosa, ndiye nkhosa za alimi a kumeneko zikalowa m'chidzenje, lamulo linali lakuti imeneyo ndi miyala, usaiyang'ane. Mwala wina unandidyera waya wa makina. Mwala wina unanditsatira tsiku lonse ukulira. Mwala wina, pali malemu bambo anga, unabereka ana awiri pamaso panga, ndinalengeza pa wailesi kuti miyala ya kuno ikuswana, Helen anati ndisiye zimenezo.

Waya atadyedwa uja makina anaima, ndipo Helen ankafuna dothi la pansi penipeni, kuti aone ngati muli tizilombo tamoyo. Ndinati mayi, musadandaule. Ndinaika chala ichi pathanthwe, n'kuyamba kuzungulira, ndikuzungulira, ndikuzungulira, thanthwe likufuka utsi, mkono unalowa, phewa linalowa, ndinadutsa dongo, ndinadutsa malasha, ndinadutsa madzi otentha amene anandiphikira chikhadabo ichi, taonani mmene chinapindikira, mpaka ndinamva chala chatulukira kwina kofunda. Nditaika khutu pabowopo, mukudziwa chimene ndinamva? Chigayo cha kwathu ku Ntcheu chikulira, amayi akukangana pamzere, wina akuitana mwana wake dzina. Apo ndiye ndinalira, sindibisa. Ndipo m'chisoti chagalasi simungapukute misozi, imangotsika n'kumadzaza, inafika pachibwano, inafika pamlomo, ndinabwerera kuchinyumba choyera kuja ndikupumira m'mphuno, ndipo Helen anaithira m'makina a madzi, gulu lonse linamwa tiyi wamchere mlungu wathunthu.

Maso anga nthawi imeneyo anali akuthwa. Ndikaima pa kazenera kaja n'kuyang'ana kummwera, ndinkaona kudutsa mapiri onse ndi mizinda yonse mpaka msewu wathu kuno ku Hull, nyumba zofanana zija zili ndondondo, yathu ya chitseko chobiriwira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaona Esinati akutsegula katani ya kuchipinda. Ndiye tsiku lina katani ija sinatsegulidwe. M'mawa mwake chimodzimodzi. Ndinamuuza Helen, iye anasuzumira n'kunena kuti akuona nkhungu yokha. Ndinafunsa Dziko Lapansi ngati kuli uthenga wanga wofulumira, yankho linabwera mochedwa monga mwa nthawi zonse, lakuti palibe, zonse zili bwino. Ndinadya ufa wanga, koma sunkatsika.

Linafika Loweruka. Tinali titangolowa kuchokera kotola miyala, ine suti ndisanavule, chisoti chokha ndi chimene ndinali nditanyamula m'khwapa. Helen anatsegula mtolo wa mauthenga n'kuyamba kuwerenga mokweza, monga ankachitira. Timu ya uje yagonja. Mphaka wa uje wapezeka. Kenako anandiyang'ana akumwetulira, munthu wosamwetulira uja, n'kunena kuti, "Kamwendo, two for you, from a Mr Mbewe. Monday: tell him madam is tired. Thursday: tell him madam is very tired now." Anzanga anaseka, wina anandimenya paphewa, eti mkazi wako watopa kukudikira, wakusowa. Ine ndinayang'ana kuchitseko.

Iwe Tadala, ndakuona ukuyang'ana amayi ako. Inu ana obadwira kuno, amene timakufunsani m'Chichewa inu n'kumayankha m'Chingerezi, mawu amenewa simuwadziwa. Kwathu wodwala akafika poti achibale aitanidwe, sitinena kuti akufa. Pakamwa pa munthu wolemekezeka sipatuluka mawu amenewo, makamaka pouza mwamuna wake amene ali kutali. Timati atopa. Ukamva kuti wodwala watopa, umasiya khasu pomwepo, sufunsanso. Ukamva kuti watopa kwambiri, umayenda ukudziwa kuti mwina ukakumana ndi nyimbo panjira. A Mbewe sanalakwe, ananena monga analeredwera, anangowatembenuzira m'Chingerezi mawu aulemu aja. Ndipo wa ku ofesi uja, kodi ndimunene chiyani? Kuno ku England aliyense ndi wotopa. Woyendetsa basi ndi wotopa, nesi ndi wotopa, ukafunsa mzungu kuti wadzuka bwanji amati watopa. Ndiye anamva kuti mayi wina wogwira ma shifiti ku Hull watopa, n'kuika mawuwo pamodzi ndi za mpira ndi za mphaka. Mawu ananenedwa Lolemba, ine anandipeza Loweruka.

Sindinafotokozere munthu. Ndinavala chisoti, ndinalowa m'kachipinda ka zitseko ziwiri kaja, getsi lili psuu kufiira, eti ndidikire. Ndidikire chiyani? Ndinachimenya chitseko ndi mutu, chinauluka ndi mafelemu ake omwe, ndikumva kuti chinakatera ku Scotland ndipo mlimi wina anafolera nacho khola. Ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, suti yonse ili m'thupi, batire kumsana, nsapato zolemera zija zikusiya maenje amene lero anadzaza madzi ndipo anthu amawedzamo nsomba, ndinakwera khoma la chidzenje osagwira ndi manja, ndinadumpha mipanda ya miyala, miyala ya ubweya ija ikubalalika uku ndi uku, mphepo imene inandizula ndevu ija inayesa kundiletsa, ndinaigwira pakhosi n'kuitembenuza kuti izindikankha kumbuyo. Mukumva? Koma mpweya wanga unachita nthunzi pagalasi la chisoti, sindinkaona kutsogolo, ndipo m'malo molowera kummwera ndinalowera kummawa, ndinangozindikira ndili pakati pa Newcastle, ndikupitirira sitima ya m'tauni ija, anthu ali m'mazenera kukamwa yasa. Ndinadutsa pansi pa zenera la Dziko Lapansi lenilenilo, ndinawaona ndi maso angawa akuthira madzi mu ketulo, ndipo ndikanakhala ndi nthawi ndikanakwera kukawaphunzitsa Chichewa, koma nthawi ndinalibe.

Mtsinje wa pamenepo sindinaufunire mlatho, ndinangoulumpha, koma ndinalumpha mopitiriza, poti miyendo inali itazolowera kunyamula zolemera, ndinakwera m'mwamba, ndinaboola mitambo, kumwambako n'kupeza dzuwa limene kuno timalisowa lija litangokhala phee lopanda ntchito, ndinalitukwana, ndinatsika, n'kutera ku Bradford pakati pa msika, m'mulu wa anyezi. Mwini anyezi anayamba kukuwa. Ndinati pepani bambo, mkazi wanga watopa. Iye anati nayenso wake ndi wotopa. Ndinadzuka, ndinalunjika kummawa, mumsewu waukulu uja wa malole, ndikuwapitirira limodzilimodzi, apolisi anandithamangitsa mpaka galimoto yawo inapsa, makamera a liwiro ankangothwanima osagwira kanthu, chithunzithunzi changa chenicheni chinatopa n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, chinandipeza patapita mlungu chitakwera basi. Nsapato zinatha, ndinathamangira masokosi. Masokosi anatha. Mvula imene inkagwa kutsogolo kwanga ndinkaidutsa isanafike pansi, moti ndinalowa mu Hull ndili wouma kunja, koma m'kati mwa suti thukuta litafika m'chiuno. Njira yonseyo ndinkangonena mawu amodzi, Esinati dikira, Esinati dikira, ndipo ndinkathamanga kuposa mawuwo, ankatsalira m'mbuyo.

Kunyumba sindinapiteko, ndinadziwa kuti kulibe munthu. Ndinalunjika kuchipatala chachikulu chija, chikepe ndinachisiya chikutsegula pakamwa, masitepe ndinawakwera osawaponda, zitseko za m'makhonde zikutseguka zokha ndi mphepo yanga. Pakhomo la wodi ndinapeza a Mbewe ataima, chipewa chili m'manja, akazi awo atakhala pansi penipeni pa simenti, atafunda chitenje kumutu. Sanandipatse moni. Nesi wina anandigwira mkono, suti yamatope ili choncho, n'kundilowetsa kuseri kwa katani.

Esinati anali atagona chagada, manja atamuwongolera bwinobwino, maso atamutseka. Anali atatisiya. Nkhope yake inali yaing'ono kuposa mmene ndinaisiyira. Nesi uja anandiuza kuti si msana, chinali chotupa cha m'mimba chimene chinali chitafalikira kale, ndipo mwini wake ankadziwa ine ndisananyamuke. Anati masiku onsewo Esinati ankafunsa ngati uthenga unapita, a Mbewe n'kumati unapita, ndipo iye ankati ndiye kuti ali m'njira, amuna anga akamva mawu amenewo sakhala pansi. Anati tsiku lomwelo chakumasana anatsegula maso n'kupempha tiyi.

Tsono pali anthu ena m'tauni muno, ndikuwadziwa, ena ali m'holo mommuno, amene amanena kuti zonsezi n'zabodza, eti Helen ndi amene ananditenga pa galimoto yake nditamufotokozera tanthauzo la mawu aja, eti anayendetsa akulira ndi kupepesa njira yonse, ine nditakhala phee chisoti chili pamiyendo, eti tinaima nthawi yaitali pamalo pamene ankakonza msewu. Anene zimenezo, pakamwa ndi pawo. Koma amene amandipweteka ndi amene amati Kamwendo anachedwa. Kuchedwa ine?

Pa kakabati ka pambali pa bedi panali kapu ya tiyi uja, atamwako pang'ono chabe. Ndinavula golovesi, ndinaigwira kapuyo ndi dzanja ili. Inali yofunda. Mukumva? Si yotentha ayi, sindikuwonjezera, koma yofunda ndithu, moti ndinakhala pansi pambali pake n'kumwa wotsalayo, ndi shuga wake wambiri uja amene madokotala ankamuletsa. Munthu wochoka ku Mars wapansi, n'kupeza tiyi wa mkazi wake asanazizire, inu mungaime pamaso pake n'kumuuza kuti anachedwa? Nenani, ndikumvetsera. Sindinachedwe ine.